Timadontho Tiwiri ta Mkamwini Wanga

Pali nthenda imene imakonda aphunzitsi opuma pantchito, ndipo ine inandipeza ndilibe katemera. Ndi nthenda yofuna kuti chilichonse cha pakhomo pako chikhale ndi mbiri yolemera kumbuyo kwake. Mbuzi yanga singakhale mbuzi wamba, iyenera kukhala yamtundu. Mtengo wa mango uli kuseli kwa khitchini ndimauza alendo kuti mbewu yake inachokera kwa azungu a mishoni, chikhalirecho unamera wokha padzala. Ndiye mwana wanga Tadala atapita kukaphunzira ku Germany n'kubwerako ndi mnyamata woti amukwatire, nthendayo inapeza chakudya chokwanira zaka zambiri.

Mnyamatayo ndinamukonda, n'zoona. Amavula nsapato pakhomo, amalandira chinthu ndi manja awiri, ndipo nsima amadya ndi manja osachita manyazi. Koma chimene chinandilanda mtima ndi dzina la banja lake monga ndinaliona papepala la ankhoswe: Müller. Pamwamba pa u panali timadontho tiwiri. Pa moyo wanga wonse wa choko ndi bolodi ndinali ndisanalembepo chilembo chovala chisoti chotere. Ndinatsimikiza ndekha, popanda wondiuza, kuti timadontho totere sangapatse munthu wamba. Ndinkadzitsekera kuchipinda n'kumayeserera katchulidwe kake, milomo nditaisongola, mpaka mayi a Tadala anagogoda kufunsa ngati dzino layambanso kuwawa.

Pa tsiku la ukwati, wamwambo atandipatsa mpata wolankhula mawu ochepa, ndinauza anthu odzaza holo kuti mwana wathu walowa m'banja lakalekale la ku Ulaya. Amayi analulutira. Bambo ake a mkwati, womasulira atawanong'oneza, anandiyang'ana modabwa, n'kugwedeza mutu mwaulemu. Ine ndinati kumeneko ndiye kudzichepetsa kwa anthu a magazi achifumu. Kuyambira pamenepo, kalata iliyonse ya kumpingo kapena ya kubungwe la maliro imene inafuna dzina la mwana wanga, ndinkaibweza ngati mlembi waiwala timadontho.

Mdzukulu atabadwa, ndinaona kuti yakwana nthawi yoti ndisonkhanitse mbiri yonse, kuti mwanayo akadzabwera kuno ndidzamukhazike pamwendo n'kumuyalira makolo ake a mbali zonse ziwiri. Ndinaimbira mkamwini wanga pa WhatsApp.

"Apongozi, tandiuzani, timadontho ta padzina lanu munatipata bwanji? Anakupatsani ndi mfumu iti?"

Anakhala chete pang'ono, ndipo ndinamva Tadala akuseka chapatali. Kenaka mnyamatayo anafotokoza mofatsa, m'Chichewa chake chodumphadumpha, kuti kale alembi ankaika e wamng'ono pamwamba pa u pofuna kusonyeza katchulidwe, ndipo e ameneyo pofulumira kulemba anasanduka timizere tiwiri, kenaka timadontho. Anati n'chifukwa chake pansi pa pasipoti yake, pamzere umene makina amawerenga, palembedwa MUELLER. Timadontho tomweto tili pa mawu awo otanthauza zinyalala ndi otanthauza khitchini.

Sindinagonje. Ndinati chabwino, chisoti chapita, koma dzinalo liyenera kukhala losowa. Apa ndi pamene intaneti, imene ndimaigula ndi ndalama ya penshoni, inandichita chipongwe. M'dziko lonse la Germany mulibe dzina la banja lofala kuposa Müller. Anthu pafupifupi 700,000 amadziwika nalo, osawerengera a Möller a kumpoto, a Miller a ku Bavaria ndi Swabia, kapena a Müllner a ku Austria, amene onse dzina lawo ndi lomwelo, kusiyana kalankhulidwe ka madera basi. Lafala moti Ajeremani akafuna kunena za mayi wamba, wosadziwika, woganiza zimene aliyense amaganiza, amangoti Lieschen Müller. Tanthauzo lake nalonso silibisika: ndi munthu wa pachigayo, wogaya tirigu wa anthu ena.

Nkhaniyi ndinaisunga mumtima ngati ngongole. Koma poti uphunzitsi suchoka m'magazi, ndinapitiriza kuwerenga usiku, nyali ya foni itandiwalira kumaso, ndipo zimene ndinapeza zinandikoka ngakhale zinkandinyazitsa. Pambuyo pa Müller pamabwera Schmidt, wosula zitsulo, Schneider, telala, Fischer, msodzi, Weber, wowomba nsalu, Meyer, kapitawo wa minda ya bwana, Wagner, wopanga ngolo, Becker, wophika buledi, Schulz, nyakwawa yotolera msonkho wa bwana, ndi Hoffmann, wogwira ntchito pamunda wa bwana. Mayina khumi otsogola m'dziko la Mercedes-Benz ndi la akatswiri a nzeru zakuya, onse ndi a anthu a thukuta. Ndinafufuza mfumu pamndandandawo, osaipeza.

Chiyambi chake n'chosavuta kumva. Kufikira zaka za m'ma 1100, munthu wa kumeneko ankakhala ndi dzina limodzi, ndipo linkakwana. Kenaka mizinda ya m'mbali mwa mtsinje wa Rhine ndi ya kummwera chakumadzulo, monga Köln, inayamba kudzaza anthu, pamene makolo ankangobwereza mayina ochepa omwewo: Heinrich, Konrad, Johannes. Mlembi wa msonkho, wa ngongole kapena wa chuma cha masiye anafunika kudziwa kuti ndi Heinrich uti. Ankawonjezera dzina la bambo ake, monga Peters kapena Hartmann. Kumene anachokera, monga Bayer kapena Böhm. Pamene nyumba yake inali, monga Bach wa kumtsinje kapena Busch wa kuthengo. Maonekedwe ake, monga Klein wamfupi kapena Krause wa tsitsi lopotana. Apo ayi ntchito yake. Poyamba linali dzina la munthu mmodzi. Linasanduka la banja pamene mwana wa wogaya, amene mwina anasankha ukalipentala, anapitiriza kulembedwa Müller. Mchitidwewu unayenda pang'onopang'ono kuchoka m'mizinda kupita kumidzi, kuchoka kummwera kupita kumpoto, ndipo anthu a ku Ostfriesland anachedwa mpaka lamulo la Napoleon la 1811 linawakakamiza. Boma litatenga kaundula wa obadwa, okwatirana ndi omwalira m'dziko lonse kuyambira pa 1 January 1876, kalembedwe ka dzina kanayamba kuuma, moti cholakwa cha mlembi wina wakale chikhoza kukhala dzina la banja mpaka lero.

Dzina la Müller linafala chifukwa palibe mudzi umene ukanakhala wopanda buledi, ndipo kulikonse kumene kunali kamtsinje kotha kuzunguza gudumu kunkamangidwa chigayo cha madzi. Luso limeneli linabwera ndi Aroma, amene anali kale ndi zigayo pa mtsinje wa Ruwer pafupi ndi Trier m'zaka za m'ma 300, ndipo mawu enieniwo anachokera ku Chilatini, molinarius. Mudzi ukakhala ndi zigayo zingapo, anthu ankasiyanitsa Obermüller wa kumtunda ndi Niedermüller wa kumunsi, kapena Neumüller wa chigayo chatsopano.

Apa mtima wanga unadzukanso. Ndinathamangira kukhitchini kumene mayi a Tadala ankasankha nyemba.

"Mayi a Tadala, nkhani ija yatheka. Makolo a mkamwini wathu anali eni chigayo. Mwini chigayo si munthu wamba. Anali mabwana a bizinesi."

"Bambo a Tadala, dzulo munkati ndi mafumu. Lero mwawatsitsa kufika pachigayo. Musawerengenso, mungawafikitse pa ganyu."

Akanadziwa kuti akulosera. Ogaya ambiri sanali eni ake a chigayo. Chinkakhala cha bwana wa dera kapena cha nyumba ya amonke, ndipo wogaya ankachita lendi. Panali lamulo lotchedwa Mühlenzwang, lokakamiza alimi onse a dera kukagayitsa pa chigayo chimodzi chokhacho chimene bwana wasankha. M'madera ena ngakhale mphero ya pakhomo inkaletsedwa. Ku Prussia lamuloli linathetsedwa mu 1810. Malipiro sanali ndalama: wogaya ankatapa gawo la mbewuyo, m'madera ambiri limodzi mwa magawo 16, ndipo ankatapa ndi muyeso wake, m'nyumba yake, mwini thumba ali panja. Mlimi sakanatha kupita kwina, sakanatha kutsimikiza kuti wamubera, choncho ankangobwerera kwawo akung'ung'udza. Onjezanipo kuti chigayo chinkakhala kunja kwa mudzi, kumtsinje, ndipo chinkalira ngakhale pakati pa usiku madzi akakhala ambiri. Mphekesera zinamera zokha. Anthu a mtundu wa Sorb, kum'mawa kwa Germany, ali ndi nthano ya Krabat, mnyamata wophunzira ntchito pa chigayo cha ku Schwarzkollm kumene mwini wake ankaphunzitsa matsenga, ndipo Otfried Preußler anailemba kukhala buku mu 1971. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha mumdima, chifukwa aliyense amene anakhalapo pamzere wa chigayo kwathu kuno amadziwa nkhani ziwiri zomwezi: yoti ufa wina umatsala m'makina, ndi yoti mwini chigayo anakhwimira.

Koma kumeneko zinapitirira mphekesera. M'mizinda yambiri ugayi unkawerengedwa pakati pa ntchito zopanda ulemu, pamodzi ndi kuwomba nsalu za bafuta, kuweta nkhosa ndi kumeta anthu. Mnyamata wofuna kulowa m'bungwe la amisiri ankafunika kalata yotsimikiza kuti anabadwa mwaulemu, ndipo kukhala mwana wa wogaya kunkatha kumutsekera khomo. Zinafika poti malamulo a ufumu wonse a 1548 ndi 1577 alengeze kuti ogaya ndi ana awo alandiridwe ngati anthu ena onse, ndipo nkhani ya ntchito zonyozekazi inabwerezedwanso m'lamulo la amisiri la 1731, umboni woti anthu sankamva msanga. Ndiye taganizani: ine ndinaima pamaso pa mpingo wonse kunyadira dzina limene kale linachita kufuna lamulo la mfumu kuti lisamanyozedwe.

Chinanditonthoza n'chakuti nthenda yanga ndi yakale ndipo inagwirapo anthu ophunzira kuposa ine. M'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, a Müller ena atalowa yunivesite ankaona kuti dzinalo likununkha gaga, ndiye ankalitembenuzira m'Chilatini n'kukhala Molitor. Katswiri wa masamu ndi nyenyezi Johannes Müller, amene anabadwa mu 1436 ku Königsberg ya ku Franconia n'kumwalira mu 1476, dziko limamudziwa ndi dzina la Regiomontanus, lochokera ku dzina la mudzi wa kwawo. Ndikanakhala nawo masiku amenewo, tikanagwirizana kwambiri.

Ufumu utakanika, ndinatembenukira kwa anthu otchuka. Apa zokolola zinali zambiri. Gerd Müller anagoletsa zigoli 68 m'masewero 62 a timu ya dziko lake, kuphatikizapo chigoli chimene chinapatsa West Germany chikho cha dziko lonse mu 1974 pogonjetsa Netherlands ku Munich. Thomas Müller anatenga nsapato yagolide mu 2010 ku South Africa, n'kudzanyamula chikho mu 2014. Herta Müller analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 2009. Paul Hermann Müller wa ku Switzerland anapeza mu 1939 kuti DDT imapha tizilombo, mankhwala amene anadzagwiritsidwa ntchito polimbana ndi udzudzu wa malungo, ndipo analandira Nobel mu 1948. Hermann Müller anatsogolera boma la Germany kawiri, mu 1920 ndiponso kuyambira 1928 mpaka 1930. Onsewa ndinawalemba m'kope, ndipo pabwalo la bawo ndinayamba kunena kuti "achibale a mdzukulu wanga" Bayern Munich ikamasewera.

Tadala ndi amene anandidula. "Adadi, ngati mukutenga a Müller onse kukhala abale athu, mutengenso Heinrich Müller, mkulu wa Gestapo, apolisi achinsinsi a nthawi ya Hitler. Musasankhe ofewa okha." Ndinatseka kope. Mwanayo ankanena zoona: dzina limene linamera palokha m'midzi masauzande, paliponse pamene panali gudumu ndi madzi, silingapange anthu kukhala a magazi amodzi. A Müller awiri okumana m'sitima ya ku Stuttgart alibe chifukwa chofunsana za agogo.

Pali chinthu china chimene ndachizengereza kuchitchula. Pabalaza panga, pamwamba pa wailesi ya kanema, pali chithunzi cha m'felemu chimene ndinaitanitsa pa intaneti ukwati utangotha, kwa amalonda ena amene amalonjeza chizindikiro cha banja lililonse ukangowatumizira dzina ndi ndalama. Chili ndi chishango chofiira, chisoti cha msilikali, nthenga, ndi chinthu chozungulira pakati chimene ndinkauza alendo kuti ndi dzuwa la ufumu. Ndi gudumu la chigayo. Komanso ku Germany chizindikiro chotere chimakhala cha banja limodzi lodziwika ndi zidzukulu zake, osati cha aliyense wa dzina lofanana. Mkamwini wanga atabwera kudzacheza anachiyang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo, n'kunena kuti, "Bambo, felemuyi ndi yokongola."

Bambo a mkamwini wangayo, amene nawonso anapuma pantchito ndipo ali ndi nthawi yambiri ngati ine, atamva za kusakasaka kwanga ananditumizira zimene iwo anapeza m'mabuku a mpingo wa kumudzi kwawo kufupi ndi Ulm. Mabuku otere ndiwo nkhokwe ya ofufuza makolo kumeneko. Mipingo ya Chiprotestanti inayamba kulemba maubatizo ndi maukwati m'zaka za m'ma 1500, Akatolika analamulidwa kutero ndi msonkhano wa ku Trent mu 1563, ndipo lero ambiri a mabukuwa akuwerengeka pa intaneti kudzera pa Archion ndi Matricula. Koma nkhondo ya zaka 30, ya 1618 mpaka 1648, inatentha midzi ndi mabuku ake omwe, moti mabanja ambiri mzere wawo umadukira pamenepo. Wa apongozi anga nawonso unadukira pomwepo. Kuchokera apo kubwera kuno, ndinayenda ndi chala dzina ndi dzina kufunafuna mwini chigayo mmodzi yekha woti ndimugwire. Munalibe. Munali owomba nsalu, mbadwo ndi mbadwo, kenaka wogwira ntchito ya tsiku m'minda ya ena, kenaka wa panjanji. Wogaya amene anasiyira banjali dzina anakhalako kale kwambiri, mabuku asanayambe, ndipo palibe amene adzadziwe kuti chigayo chake chinali pa mtsinje uti. Mayi a Tadala atamva za wa ntchito ya tsiku uja sanalankhule kanthu. Anangondiyang'ana, n'kupitiriza kupeta.

Ndinayesa khomo lomaliza. Ndinafunsa ngati m'banjamo munalibe von, kamawu kamene mabanja ambiri a mafumu ndi nduna amaika patsogolo pa dzina. Munalibe, ndipo ngakhale kakanakhalamo, malamulo a dziko a 1919 anathetsa maudindo onse obadwa nawo, n'kusiya timawu totere ngati chidutswa chabe cha dzina. Ngakhale Mjeremani wotchedwa König kapena Kaiser, kutanthauza mfumu, kawirikawiri si mdzukulu wa mfumu. Kholo lake linali munthu amene anasewera ngati mfumu pa sewero la m'mudzi, kapena anapambana mpikisano woponya mivi, kapena ankagwira ntchito pa munda wa mfumu, kapena ankangoyenda modzikweza mpaka anzake anamupatsa dzina lomuseka.

"Limenelo likanakukhalani inu," anatero mayi a Tadala.

Ndinawakumbutsa kuti ine ndine Phiri, mfunda wa ma Kalonga a ufumu wa Maravi, choncho za ufumu sindichita kubwereka.

"Eya, a Phiri. Nanga amene amatigulitsa makala aja si a Phiri? Wokonza njinga pamsika si Phiri? Mukapita kuchipatala akaitana Phiri, simuimirira anthu asanu? Mwana wanu anachoka m'dzina la aliyense n'kukalowa m'dzina la aliyense. Anafanana, n'chifukwa chake akukhala bwino."

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Ine nthenda ija inangosintha malo ogona. Tsopano ndine katswiri wa zigayo za ku Germany m'dera lathu lonse, udindo umene palibe akundilimbirana. Ndimadziwa kuti makina a zitsulo zogudubuza a m'zaka za m'ma 1800 ndiwo anayamba kupha zigayo zazing'ono za madzi ndi za mphepo, ndi kuti mu 1957 boma la West Germany linakhazikitsa lamulo lolipira eni zigayo kuti azitseke. Ndimadziwa kuti kuyambira 1994, Lolemba lotsatira Pentekoste, zigayo zakale zimene zinatsala zimatsegulidwa kuti anthu akaone, ndipo a Müller ambiri amene sanagwirepo thumba la tirigu amapita ndi ana awo kukajambulitsa. Zonsezi ndinakafotokozera mnyamata wa pachigayo chathu, mzere wa amayi ukudikira kumbuyo kwanga, mpaka anazimitsa makina kuti amve chimene mkuluyu akufuna. Kuyambira tsiku limenelo mayi a Tadala amatuma mwana wa oyandikana nawo kukagayitsa.

Felemu ija sindinaichotse. Ndalama inapita, ndipo msomali unalowa kale m'khoma. Kusiyana kwake n'kwakuti alendo ndimawauza tsopano kuti ndi gudumu la chigayo, ndipo akalakwitsa n'kufunsa chifukwa chake, tiyi amazizira.

Ndiye posachedwapa Tadala, mosaganiza bwino, anandiuza kuti kuyambira pa 1 May 2025 lamulo la ku Germany likulola mwamuna ndi mkazi kuphatikiza mayina awo awiri kukhala dzina limodzi la banja, ndi kuti ana nawonso akhoza kulitenga. Usiku womwewo ndinalemba papepala Müller-Phiri, kenaka Phiri-Müller, kuyesa kuti lolemera ndi liti. Ndinamutumizira onse awiri, ndi ndemanga yoti lachiwiri likumveka bwino pakamwa. Anayankha kuti mafomu a kumeneko ndi aatali kale, ndipo mwanayo akuvutika kulemba zilembo zisanu ndi chimodzi zimene ali nazo. Mkamwini wanga anangotumiza kachithunzi ka manja awiri opemphera. Ndikudziwa kuti akana. Komabe ndamva kuti kubanjako kukubwera mwana wachiwiri, ndipo kalata yopita kwa apongozi anga aakulu, yowapempha kuti tigwirizane pa nkhaniyi ngati madoda, ndailemba kale. Ikungodikira kuti mayi a Tadala andibwezere foni.